Ku Roma osadya nyama: mmene mungapezere pogona ndi chakudya osavutika

Anthu ambiri akangomva zoti munthu sadya nyama koma akupita ku Roma amangoti aaa ukavutika iwe, ukakhalira buledi ndi madzi. Si zoona zimenezo. Ku Roma munthu osadya nyama amadya bwino zedi komanso motchipa, bola adziwe zinthu ziwiri, dera lomwe akagone ndi malo omwe nyama imabisala mu zakudya zawo, chifukwa imabisaladi, mpaka mu nyemba. Izi ndikulembera makamaka anzanga a Adventisti omwe nyama anaisiya kalekale, a Katolika opita nthawi ya Lenti, ma Rasta athu, ndi aja adokotala anawaletsa nyama chifukwa cha BP kapena gauti. Tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono.

Choyamba, bukitsani pogona musanapemphe viza

Italy ili mu Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, nde ngati muli ndi pasipoti ya Malawi mukufunika viza, ndipo pa mapepala omwe amafuna pali umboni wa komwe mukagone masiku onse, komanso inshuwalansi ya paulendo yotha kukulipirirani za chipatala zosachepera ma euro 30,000 mukadwala. Viza yake kwa munthu wamkulu ndi ma euro 90. Ofesi ya kazembe wa Italy yomwe imayang'aniranso Malawi ili ku Lusaka, onani pa webusaiti yawo komwe mukaperekere mapepala ndipo muyambe msanga, osati kwatsala sabata imodzi.

Pobukitsa sankhani chipinda chomwe mutha kukansela osalipira kanthu, ndipo ngati nkotheka chija cholipira mukafika. Tonse tikudziwa mmene ma forex akuvutira kwathu, khadi ya banki imatha kukukanani pakati pa malipiro, nde simukufuna ndalama zanu zikatsekeredwe ku hotela viza isanatuluke. Koma bukingi yake ikhale yeniyeni, zija zopanga pa kompyuta kwa mnyamata wa pa intaneti kafe zisiyeni, akazigwira mwadzitsekera nokha khomo.

Chachiwiri, sankhani dera, osati hotela

Apa mpamene ambiri amaphonya. Munthu amalowa pa Booking.com, waona chipinda chotchipa cholembedwa kuti Roma, wabukitsa, kenako akafika apeza kuti ndi kunja kwa msewu waukulu wozungulira mzinda uja amati Grande Raccordo Anulare, tsiku lililonse ola lathunthu pa basi kupita ola lathunthu kubwerera, ndipo usiku pafupi palibe podyera koma malo amodzi okha a nyama zowotcha. Kwa inu osadya nyama dera ndi nkhani ya mimba yomwe. Tsegulani mapu kaye, muone siteshoni yapafupi ya metro, sitima zoyenda pansi pa nthaka, ndi msika wapafupi, hotela izibwera pambuyo.

Metro ya ku Roma ndi yochepa, mizere itatu yokha, A, B ndi C, ndipo chifukwa china nchoti akangokumba pansi amapeza zinthu zakale nde ntchito imaima. A ndi B zimakumana pa Termini, siteshoni yaikulu ya sitima.

Ngati thumba ndi lopepuka, dera la Termini ndi Esquilino ndi lanu. Ma hotela ang'onoang'ono alipo mbwee, ndipo ndi dera lomwe kuli anthu a mitundu yonse, aku Bangladesh, aku China, aku Ethiopia ndi Eritrea, nde chakudya chopanda nyama sichisowa. Si dera lokongola kwenikweni, usiku pafupi ndi siteshoni pamakhala anthu osiyanasiyana, foni ndi chikwama muzigwira bwino. Monti ili pafupi pomwepo, pakati pa Termini ndi Colosseum, siteshoni yake ndi Cavour pa mzere wa B, timisewu tating'ono tokongola koma mtengo umakwerako.

Ngati ulendo wanu ndi wa ku Vatican, yang'anani ku Prati, ma siteshoni a Ottaviano ndi Lepanto pa mzere wa A. Ndi dera labata, misewu yotakasuka, mutha kuyenda wapansi mpaka pa bwalo la St Peter's, ndipo kuli msika waukulu wa Trionfale. Ineyo munthu wopita koyamba, makamaka amayi kapena abambo achikulire, ndingawauze kuti agone ku Prati basi osalimbana.

Trastevere amaichemerera kwambiri pa intaneti ndipo ndi yokongoladi, koma kulibe metro, mumadalira tramu nambala 8 ndi mabasi, komanso usiku phokoso la achinyamata limafika m'bandakucha, ngati ndinu ogona 9 koloko mukalira. Pakatikati pa mzinda wakale, cha ku Pantheon ndi Piazza Navona, chilichonse chili pakhomo koma mitengo yake ndi ya mabwana. Testaccio nkwabwino kugona ndipo msika wake ndi wosangalatsa, kungoti kumeneko kunali malo ophera ng'ombe a mzinda wonse, nde ma lesitilanti ake amanyadira matumbo, michira ya ng'ombe ndi zina zamkati, mukasankhe polowa mosamala.

Chachitatu, werengani bwinobwino zomwe alemba

Ma hotela ambiri otchipa ku Roma si nyumba yoima payokha ngati mmene tinazolowera. Ndi chigawo chimodzi cha nyumba yakale ya nsanjika zingapo, pakhomo lalikulu pali timabatani tambirimbiri ndi maina, mumadina ka hotela yanu nkukutsegulirani, pena risepushoni yake imatseka madzulo. Nde musanalipire onani izi. Kodi muli lifiti? Nyumba zina mulibe, zina muli kalifiti kakang'ono kolowa anthu awiri ndi sutikesi imodzi. Kumbukiraninso kuti kwawoko primo piano ndiye kuti mwakwera kale masitepe, pansi penipeni amati piano terra. Kodi bafa ndi lanulanu? Akalemba bagno in comune ndiye kuti mukugawana ndi ena. Matrimoniale ndi bedi limodzi lalikulu, ngati mukupita ndi mnzanu wa ku kwaya nenani kuti mukufuna mabedi awiri. Mu July ndi August kumatentha koopsa, chipinda chopanda eyakoni musachiyerekeze.

Kuyambira 2025 malo onse ogona alendo ku Italy amayenera kukhala ndi nambala ya boma yotchedwa CIN ndipo amailemba pa malonda awo. Munthu akakutumizirani zithunzi za nyumba pa WhatsApp, nambala imeneyi palibe, nkumati tumizani dipoziti pa Western Union, thawani.

Ma ndemanga a anthu werengani aposachedwa ndi oipa omwe, osangoona nyenyezi. Munthu mmodzi akadandaula za phokoso mwina ndi wovuta yekha, koma asanu akanena za nsikidzi, ziliko.

Pali msonkho wa mzinda womwe nthawi zambiri sukhala mu mtengo mwaona pa intaneti uja. Amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse mpaka masiku 10, hotela ya nyenyezi 3 ndi ma euro 6, ya nyenyezi 4 ndi 7.50, ya nyenyezi 5 ndi 10, ana osafika zaka 10 salipira. Mumalipira pa hotela pompo ndipo malo ena ang'onoang'ono amafuna kashi, nde musadabwe nkuyamba kukangana nawo kuti akukuberani. Pasipoti akaipempha pofika apatseni, lamulo limawakakamiza kulembetsa alendo onse ku polisi.

Ngati mukhalako masiku angapo, ganizirani ka nyumba kokhala ndi kitchini. Kwa munthu osadya nyama izi zimapulumutsa ndalama zambiri, ndifotokoza pansipa.

Njira ina yomwe ambiri saidziwa ndi nyumba za masisitere

Ku Roma kuli nyumba zambiri za zipani za masisitere ndi ansembe zomwe zimalandira alendo, amazitcha case per ferie. Zipinda zake ndi zaukhondo, zopanda zambiri, bedi, tebulo, mtanda pakhoma, nthawi zambiri TV mulibe, ndipo simufunika kukhala mKatolika kuti mugonemo. Chovuta chake ndi geti, zambiri zimatseka usiku cha m'ma 10 kapena 11 koloko ndipo sisitere akatseka watseka. Webusaiti ya Monastery Stays imathandiza kubukitsa zoterezi. Komanso zipani zomwe timazidziwa kwathu kuno, a Comboni, a Montfort, a White Fathers, malikulu awo ali ku Roma konko, nde musachite manyazi kufunsa abambo mfumu a pa parishi yanu, mwina anaphunzira kumeneko ndipo akudziwa nyumba yabwino yolozera. Ngati nyumbayo imaphikira alendo auzeni polemba imelo kuti simudya nyama, osadikira mwakhala kale pa tebulo.

Kuchoka pa eyapoti

Ambiri ochokera ku Lilongwe kapena Blantyre amadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines nkukatera pa Fiumicino. Pogula tikiti pemphaniratu chakudya cha mundege, VGML ndi chopanda chilichonse chochokera ku nyama, VLML muli mkaka ndi mazira, ndipo muchite izi kwatsala masiku angapo chifukwa mukanena muli kale m'mwamba angokupatsani kabanzi. Pa Fiumicino pali sitima ya Leonardo Express, ma euro 14, mphindi 32 mwafika pa Termini. Takisi yoyera ya boma ili ndi mtengo wokhazikika wa ma euro 55 kukafika mkati mwa malinga akale a mzinda, aja okutsatirani mkati mwa eyapoti akunong'ona taxi taxi asiyeni. Misewu yambiri ya pakati pa mzinda ndi ya timiyala takuda tija amati sampietrini, mateyala a sutikesi yotchipa sachedwa kuthothoka, nchifukwa chake ndimalimbikira zoti mugone pafupi ndi siteshoni. Tenganinso adaputa, mapulagi athu a mano atatu akona aja salowa m'makoma a ku Italy. Ketulo m'chipinda si kawirikawiri, okonda tiyi wa mmawa funsiranitu.

Tsopano nkhani ya chakudya

Langizo langa lalikulu ndi ili, musataye nthawi kusakasaka ma lesitilanti a anthu osadya nyama okhaokha. Alipo, monga Il Margutta pa Via Margutta yomwe inayamba mu 1979, ndipo apu ya HappyCow ikuonetsani ena pa mapu, koma ambiri ndi odula ndipo mudzayenda mtunda wautali pachabe. Mu trattoria, timalesitilanti wamba momwe amadya eni dziko, muli kale zokwanira, mungofunika kudziwa kuwerenga menyu.

Menyu yawo imagawidwa chonchi, antipasti zoyambira, primi ndiye pasta, mpunga ndi supu, secondi ndiye nyama ndi nsomba, contorni ndi ndiwo zamasamba zapambali. Inu dumphani secondi yense, itanitsani primo imodzi ndi contorno imodzi kapena ziwiri, mwakhuta, ndipo palibe angakuyang'aneni modabwa.

Pa pasta, zitatu zotchuka za ku Roma muzipewe, carbonara, amatriciana ndi gricia, zonsezi muli guanciale yomwe ndi nyama ya pa tsaya la nkhumba. Zanu ndi izi, penne all'arrabbiata ya tomato, adyo ndi tsabola, spaghetti aglio olio e peperoncino, pasta al pomodoro, ndi cacio e pepe ya tchizi ndi tsabola wakuda. Lachinayi malo ambiri amaphika gnocchi, timibulu ta mbatata ya kachewere ndi ufa wa tirigu, pemphani za tomato yekha. Melanzane alla parmigiana ndi mabilinganya ophika mu uvuni ndi tomato ndi tchizi, zokoma komanso zokhutitsa.

Pa masamba ndiye Roma ndi katswiri. Cicoria ripassata ndi masamba owawira pang'ono, amawawiritsa kaye kenako nkuwakazinga mu mafuta a olivi ndi adyo ndi tsabola, munthu wokulira pa chisoso ndi mpiru akalawa amangomva ngati wafika kwawo. Mukapita pakati pa February ndi April mwapeza nyengo ya carciofi, ndiwo yooneka ngati duwa lalikulu losamasula, mu Chingerezi amati artichoke. Carciofi alla romana amaiphika pang'onopang'ono ndi adyo ndi timasamba tonunkhira mpaka ifewe, pomwe carciofi alla giudia, ya Ayuda a ku Roma, amaikazinga yathunthu mu mafuta ambiri mpaka masamba ake atambasuke nkuuma kuti khirichi, mumathothola limodzilimodzi ndi zala nkumatafuna, pakati pake mpofewa. Imeneyi kadyereni ku dera la Ayuda cha ku Portico d'Ottavia. Kumenekonso kuli ubwino wina, malo otsatira malamulo a Chiyuda a zakudya otchedwa kosher saphatikiza nyama ndi mkaka, nde mukalowa malo a za mkaka nyama simuipezamo, nsomba yokha ndiye mufunse. Kungoti malo oterewa amatseka Lachisanu madzulo mpaka Loweruka dzuwa litalowa, anzanga a Sabata izi sizikudabwitsani.

Komwe nyama imabisala

Gawo ili liwerengeni kawiri. Mukangoti sindidya nyama, woperekera chakudya wina amaganiza za nyama yooneka ndi maso basi, ka hamu kodulidwa mopyapyala kapena tinsomba iye saona ngati vuto. Nde muzitchula chimodzichimodzi.

Fiori di zucca, maluwa a maungu okazinga, amaoneka osalakwa koma mkati amaikamo tchizi ndi kansomba ka anchovy. Puntarelle, saladi ya nyengo yozizira, msuzi wake ndi wa tinsomba tomweto, chimodzimodzi pasta ya puttanesca. Supplì, timibulu ta mpunga tokazinga togulitsa paliponse, tachikale timaphikidwa ndi msuzi wa nyama. Pasta e fagioli ndi pasta e ceci, za nyemba ndi tchana, pena amayambira ndi mafuta a nkhumba kapena kansomba. Risotto, mpunga wawo wophika mofewa, ndi supu za masamba zimatha kuphikidwa ndi msuzi wa nyama. Polenta mukaiona mudzasangalala poti ndi ufa wa chimanga wachikasu, koma ku Roma amakonda kuithira soseji ndi nthiti za nkhumba pamwamba. Ndipo strutto, mafuta a nkhumba, amalowa mu buledi wina ndi makeke ena.

Kwa omwe ali okhwima kwambiri, tchizi ziwiri zotchuka zija, Parmigiano Reggiano ndi Pecorino Romano, pozipanga amagwiritsa ntchito zinthu zochokera m'chifu cha thole kapena mwana wa nkhosa. Ena osadya nyama izi sawerengera, ena amawerengera, zili kwa inu ndi chikumbumtima chanu, koma dziwani kuti cacio e pepe ndi Pecorino yokhayokha.

Lembani timawu iti mu foni kapena pa kapepala. Sono vegetariano ngati ndinu bambo, sono vegetariana ngati ndinu mayi. Senza carne, senza pesce, kutanthauza popanda nyama, popanda nsomba. Kenako lozani chakudyacho pa menyu nkufunsa c'è guanciale? c'è prosciutto? ci sono alici? c'è brodo di carne? Apa mukufunsa ngati muli guanciale, hamu, tinsomba ta anchovy kapena msuzi wa nyama. Osadya mazira ndi mkaka omwe anene kuti sono vegano kapena vegana, liwu limeneli amalimva msanga. Musaope kuti mukulakwitsa katchulidwe, akangoona kuti mukuyesa amakuthandizani.

Masana, pizza yodula

Chakudya chotchipa cha masana ndi pizza al taglio. Mumalowa, pa kauntala pali mathileyi ataliatali a pizza zosiyanasiyana, mumaloza yomwe mukufuna, munthu uja amaika sizasi kapena mpeni pamwamba pake nkukuyang'anani, inu mumuonetse ndi manja kuti onjezerani kapena chepetsani, akadula amaika pa sikelo ndipo mumalipira kulemera kwake. Ubwino wake chilichonse mukuchiona ndi maso. Pizza rossa ndi ya tomato yekha, pizza bianca ndi ya mafuta a olivi ndi mchere, ilipo ya mbatata, ya bowa, ya zukini. Yang'anitsitsani pansi pa mbatatazo, pena pamabisala soseji.

Madzi musagule. Mzinda wonse uli ndi mipopi yachitsulo ya mumsewu yotchedwa nasoni, madzi ake ndi ozizira, abwino kumwa, amangotuluka usana ndi usiku. Tengani botolo muzidzaza, ndipo ngati mulibe botolo tsekani kukamwa kwa mpopiwo ndi chala, madzi adumpha m'mwamba kudzera pa kabowo kali pamwamba pake nkumwa bwinobwino.

Nthawi zodyera ndi zina zoti musamale

Ma lesitilanti enieni amatsegula cha m'ma 12:30 mpaka 3 koloko, kenako amatseka mpaka cha m'ma 7:30 madzulo. Ife ozolowera mgonero wa 6 koloko njala imatipweteka apa, nde sungani nthochi kapena mtedza m'chikwama. Malo otsegula tsiku lonse, okhala ndi zithunzi za zakudya pakhomo ndi mnyamata wokuitanani mu Chingerezi, makamaka pafupi ndi Colosseum ndi Vatican, ndi a alendo, odula komanso chakudya chake nchosakoma, lowani misewu iwiri itatu mkati. Mu August, makamaka cha pa 15 pomwe ali ndi holide ya Ferragosto, malo ambiri a mabanja amatseka kupita kunyanja. Buledi wobwera yekha pa tebulo nthawi zambiri amalipiritsa, ngati simukumufuna nenani pomwepo. Kadzutsa wawo ndi khofi ndi kabanzi kotsekemera kotchedwa cornetto basi, kumwera choimirira pa kauntala nkotchipa kusiyana ndi kukhala pa tebulo, ndipo malo ambiri masiku ano ali ndi cornetto vegano.

Tsiku lomwe pasta yakukwanani, pitani ku ma lesitilanti a ku Ethiopia ndi Eritrea cha ku Termini. Akhristu a Orthodox akumeneko amasala nyama ndi mkaka masiku ambiri pa chaka, nde injera, buledi wawo wopyapyala wodyera mphodza, shiro (msuzi wa ufa wa tchana) ndi masamba, ndi chakudya chawo cha nthawi zonse, mumadya ndi manja. Cha ku Piazza Vittorio kulinso malo a Amwenye.

Ngati mwapeza kitchini

Pitani ku Nuovo Mercato Esquilino pafupi ndi Piazza Vittorio mmawa. Kumeneko mupeza therere, chinangwa, mbatata, nthochi zophika, nyemba za mitundu yonse, mpunga, tsabola, ndipo m'mashopu a anthu a ku Africa ndi Asia ozungulira pamenepo ufa woyera wa chimanga umapezeka, mthiko wokha ndiye mulongedze kuchokera kunyumba. Misika ya Trionfale ndi Testaccio nayonso ili ndi masamba ndi zipatso zabwino. Lamulungu misika imeneyi imakhala yotseka, ndipo masiku enawo pitani mmawa chifukwa masana mabenchi ambiri amakhala atalongedza. Pa msika musamagwiregwire tomato ndi kumufinya ngati mmene timachitira kwathu, wogulitsa amakwiya, inu lozani iye akusankhireni. Mu supamaketi ngati Conad kapena Coop ndi zosiyana, mumavala kagolovesi ka pulasitiki kali pomwepo, mwasankha zipatso zanu, ndipo m'mashopu ambiri mumayeza nokha pa sikelo, kudina nambala ya chipatsocho nkumata kapepala ka mtengo pa jumbo musanapite pa thilu, mukaiwala akubwezani mzere wonse ukukuyang'anani. Nyemba ndi tchana zam'chitini nzotchipa, mukaphatikiza ndi tomato ndi anyezi mgonero wa anthu awiri wakwana pa ndalama yochepa kuposa mbale imodzi ya mu lesitilanti.